Nsomba zofiira ndi achule m'damu limodzi: vuto limakhala pa ana

Achule saitanidwa. Mukakumba kadamu kuseri kwa nyumba n'kuthiramo madzi, dziwani kuti uthenga wawafika kale. Ku Milonde, kumene mvula yochokera m'phiri la Mulanje sinyengerera ndipo pansi pamakhala chinyezi miyezi yambiri, mvula yoyamba ikangogwa, usiku womwewo damu limayamba phokoso. Kukacha mumapeza tizingwe ta mazira titakulunga udzu wa m'mphepete, ndipo pakapita masiku owerengeka m'mbali monse mumada ndi mbululu. Apa mpamene mtima wa mwini damu umayamba kukwera. Kaya ndi mlimi woweta makumba kuti apeze ndiwo ndi ya sopo, kaya ndi munthu amene wagula mumzinda tinsomba tofiira totchedwa goldfish kuti akongoletse pakhomo, funso limakhala lomwelo: kodi alendowa sandithera nsomba? Ndiwaphe?

Ine ndikuti musawaphe. Nsomba ndi achule amakhala m'madzi amodzi zaka ndi zaka popanda mlandu. Pali malo amodzi okha pamene zinthu zimavuta, ndipo mayi aliyense woweta nkhuku amapadziwa kale pamenepo.

Taganizirani pakhomo pamene pali mphaka ndi nkhuku. Thadzi ndi mphaka amakumana pamtondo tsiku lililonse, wina akutola misere, wina akuwothera dzuwa, ndipo palibe amene amalabadira mnzake. Mphakayo ndi wofunika, chifukwa popanda iye makoswe akanamaliza nkhokwe. Koma thadzi lija likangoswa, mayi a pakhomo sadikira kuti aone ngati mphaka wawo ali ndi khalidwe. Amatenga dengu n'kuvundikira anapiye, kuwaikira madeya ndi madzi momwemo, mpaka atamera nthenga ndi kukula moti mphaka sangawayesenso. Sapha mphaka, sagulitsanso nkhuku. Amangodziwa kuti akuluakulu sadyana, odyedwa ndi ana. M'damu n'chimodzimodzi, kungoti mmenemo aliyense ndi mphaka kwa ana a mnzake. Nsomba imadya mazira ndi mbululu za chule, ndipo pali achule ena amene amadya ana a nsomba. Ntchito ya mwini damu n'kudziwa amene akufunika dengu, ndi nthawi yoti amuvundikire.

Tiyambe ndi nsomba yofiirayo. Kwawo ndi ku China, kumene anthu anayamba kuiweta zaka zoposa 1,000 zapitazo, posankha zamaonekedwe ofiirira pakati pa nsomba zotuwa za m'madambo mpaka mtunduwo unakhazikika. Akatswiri amaitcha Carassius auratus, ndipo ndi m'bale wake wa nsomba ya carp. Amene anangoiona m'kabotolo kagalasi amayesa kuti ndi kansomba kosakula, koma m'damu imafika masentimita 20 kapena 30, ndipo ikasamalidwa imapyola zaka 10. Chule wamkulu ilibe naye ntchito, chifukwa kukamwa kwake n'kochepa ndipo siluma. Koma chilichonse cholowa m'kamwamo ndi chakudya. Tsiku lonse imakhalira kuvundula matope, kuyamwa, kulavula, kuyamwanso. Mazira a chule, mbululu zongoswa kumene, ngakhale mazira ake omwe amene yaikira pa udzu dzulo, zonse imameza. Ndiye amene akuopa kuti achule amuthera goldfish zake zazikulu akuopera mbali yolakwika. M'kadamu ka simenti kopanda udzu ndi pobisala, amene amatha psiti ndi ana a achule.

Achule nawonso si amodzi, ndipo apa m'pofunika kudekha, chifukwa ambiri amene amaphedwa ndi makasu m'mphepete mwa madamu amafera mlandu wa wina.

Amene timamuona kawirikawiri ndi uja wa khungu la tiziphuphu, wa mawu abesi, amene madzulo amakhala pansi pa nyali pakhonde kudikira ngumbi. Ameneyu moyo wake ndi wa kumtunda. Amadya tizilombo ta m'munda ndi ta pakhomo, ndipo kumadzi amangopitako nyengo yoikira mazira. Mazira ake ndi aja a m'tizingwe titalitali toterera, zikwizikwi pa mkazi mmodzi. Mbululu zake n'zazing'ono, zakuda bii, ndipo zimaunjikana m'mphepete mmene madzi atenthera ndi dzuwa. Mukakhala chete n'kuyang'anitsitsa, mudzaona nsomba ikutola imodzi, n'kuilavula nthawi yomweyo: khungu lake n'lowawa. Kuseri kwa maso a chule wamkuluyo kuli zotupa ziwiri zotulutsa madzi oyera a poizoni, n'chifukwa chake galu akamuluma amachita thovu kukamwa. Koma poizoniyo ndi wodzitetezera akagwidwa, sawononga damu chifukwa chule wasambiramo. Mlandu weniweni wa chule ameneyu ndi umodzi: mbululu zake zikachuluka zimadya nawo madeya amene mwathirira nsomba. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri zimamera miyendo n'kutuluka zokha.

Pali ena a miyendo italiitali amene amadumphira m'madzi mukamayandikira, ndi tina tating'ono tokwera bango. Ngati nthambi ya mtengo yaweramira pa damu, mwina tsiku lina mudzapeza mpira wa thovu loyera utamatirira pamasamba. Chimenecho ndi chisa cha chule wotuwa wa m'mitengo. Mazira amaswera m'thovumo, ndipo pakapita masiku angapo mbululu zimagwera m'madzi pansipo, pamene nsomba zimakhala zili chire. Onsewa kwa nsomba ndi anapiye, si amphaka ayi.

Mphaka weniweni ndi thesi. Ameneyu salira pamtunda ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali naye mpaka tsiku lophwetsa damu, pamene amapezeka m'matope akuterereka m'manja. Thupi lake n'lophwatalala, maso ali pamwamba pa mutu, miyendo yakumbuyo ndi yamphamvu ndipo zala zitatu za phazi lililonse lakumbuyo zili ndi tizikhadabo takuda. Lilime alibe. Amayandama chete m'madzi manja atatambasula, ndipo kanthu kakadutsa amakakankhira m'kamwa ndi manja onse awiri. Pafupifupi moyo wake wonse ndi wa m'madzi, choncho chakudya chake chonse n'cha m'damu mwanumo: tizilombo, mbululu za anzake, ndi ana a nsomba amene sanafike kukula kwa chala. Mbululu zake nazo n'zachilendo: n'zoonekera mkati, zili ndi ndevu ziwiri, ndipo zimaima chozondoka pakati pa madzi zikusefa tizakudya tosaoneka ndi maso, tomwe tija timene ana a nsomba amakulira. Mvula ikagwa usiku, thesi amatuluka n'kukwawa m'udzu wonyowa kuchoka kudambo kupita kudamu lina, ndiye kungopha amene alimo lero sikuthetsa kanthu.

Akatswiri amamutcha Xenopus, ndipo mbiri yake inafika kutali. M'zaka za m'ma 1930 ku Cape Town, anzake a Lancelot Hogben anapeza kuti thesi wamkazi akabayidwa mkodzo wa mayi woyembekezera amaikira mazira pasanathe tsiku. Kufikira m'ma 1960 zipatala za m'maiko ambiri zinkayezera mimba njira imeneyi, ndipo achulewa anatumizidwa kunja ambirimbiri. Ena anathawa, ena anatayidwa, ndipo lero ali m'madzi a ku California, Chile ndi France, kumene akudya zamoyo za eni dziko. Nkhaniyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Tsono dengu la m'madzi limakhala lotani? Zimatengera amene mukufuna kumuteteza.

Kwa mwini kadamu kokongoletsa, amene nsomba zake n'zazikulu kale, ofunika kuvundikira ndi ana a achule. Pokumba, musapange dzenje la makoma oongoka mbali zonse. Mbali imodzi ikhale yakuya, masentimita 60 mpaka mita imodzi, kuti nsomba zizithawirako dzuwa la mu Okutobala ndi mbalame. Mbali ina ikhale yosaya, madzi ongofika m'kakolo, ndipo pakati pa mbali ziwirizi muyale mzere wa miyala kapena kachidutswa ka neti, kuti madzi azidutsa koma nsomba ayi. Kosayako mubzaleko mlulu ndi udzu wa m'dambo, kwakuyako kakombo. Achule okha adzasankha kosayako poikira mazira, chifukwa n'kofunda. Namasupuni yekha musamuyandikize, ngakhale maluwa ake akongole bwanji. Mmene wavutitsira mumtsinje wa Shire tonse tikudziwa.

Chinthu chimene ambiri amaiwala ndi potulukira. Anthu amadabwa kumva kuti chule amamira, koma amamiradi. Chule wa kumtunda akagwera m'damu la simenti yosalala, madzi ali m'munsi, amasambira mozungulira usiku wonse mpaka mphamvu zitatha, ndipo tiachule tongomera miyendo timafa tambirimbiri pa khoma lomwelo. Mtembo wake ukaola ndiye umawononga madzi, anthu n'kumati chule wapha nsomba. Thabwa lokhakhala lotsamira pakhoma, kapena mulu wa miyala wofika pamwamba, n'zokwanira. Kunja kwake musiyeko kachigawo ka udzu wosatchetcha ndi zipika zingapo, kuti otulukawo asapsere padzuwa.

Pali amene amalangiza kuti achule muwapatulire kadziwe kawokawo kopanda nsomba, ngakhale beseni lakale lokwirira pansi. Malangizo amenewo ndi a kumaiko kopanda malungo. Kuno madzi oima opanda nsomba pafupi ndi nyumba ndi khola la udzudzu, ndipo mbululu zambiri sizidya mphutsi zake, zimadya ndere. Ngakhale kosaya kuja muzikuyendera ndi kapu yoyera, kutunga ndi kuyang'ana. Mukaona mphutsi za udzudzu zikugwedezeka, chotsani mwala umodzi nsomba zilowe, ngakhale zidyeko mbululu zina. Dengu limavundukulidwa nthawi ikakwana, ndipo thanzi la ana a m'nyumba liposa la ana a chule.

Kwa mlimi wa nsomba za ndiwo zinthu zimatembenuka: ovundikira ndi ana a nsomba. Komabe si mitundu yonse imene ili pangozi yofanana. Makumba aakazi amasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atayamba kudzidalira. Chilunguni chimakumba chisa pansi, ndipo bambo ndi mayi amalondera limodzi. Mlamba ndiye umaikira mazira n'kuchokapo, choncho ana ake ndi amene thesi amawakolola kwambiri, ngakhale kuti mlamba womwewo ukakula umabwezera pomeza achule ndi mbululu zomwe. Nthawi yoopsa ndi masabata oyambirira, ana akachoka kwa make koma asanafike pa chala. Njira zimene alangizi a za nsomba amaphunzitsa n'zosafuna ndalama zambiri. Damu loswetsera liphwetsedwe, liume mpaka pansi pang'aluke, lithiridwe laimu. Podzaza, pakamwa pa paipi kapena ngalande pamangidwe sefa kuti mazira ndi mbululu zisalowe ndi madzi. Kuzungulira damulo kuikidwe mpanda wa pulasitiki kapena neti yamaso aang'ono, wofika m'mawondo, m'munsi mwake mutakwiriridwa m'dothi, chifukwa thesi amadutsa pansi. Ena amalerera anawo m'kakhola ka neti kotchedwa hapa, komangidwa pa mitengo inayi m'damu momwemo. Ndipo m'mawa uliwonse nyengo ya dzinja, kuyenda m'mphepete ndi ndowa n'kuwola tizingwe ta mazira tisanaswe, kukatikhuthulira kudambo. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi imapulumutsa madeya ambiri. Ana a nsomba akafika pa chala, asamutsireni m'damu lalikulu, ndipo achule a mmenemo muwasiye.

Chimene chimapha onse awiri pamodzi si mano a wina, ndi madzi. Chule amamwa ndi khungu, amapumanso nalo, choncho chilichonse chosungunuka m'madzi chimalowa m'thupi mwake mosavuta. Kuno kumene dimba la tomato, munda wa tiyi ndi damu zimakhala moyandikana, chizolowezi chotsukira sipuleya pamadzi apafupi chawononga zambiri. Sopo wochapira, feteleza wokokoloka ndi mvula, katupe, zonsezi zisafike m'damu. Madzi a pampopi amene ali ndi klorini ayambe akhala m'ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri. Mchere umene ena amathira pochiza zilonda za nsomba umapweteka achule, ndiye nsomba yodwalayo ichiziridwe m'ndowa payokha. Komanso musanyengedwe ndi kulira kwa achule n'kumati madzi ali bwino. Chule wamkulu mpweya ukachepa m'madzi amangotulutsa mphuno kunja, pamene nsomba ilibe kothawira. Nthawi yoyendera damu ndi m'bandakucha: mukapeza nsomba zonse zili pamwamba zikuyasamula, mpweya wachepa, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi chakudya chotsala chimene chikuola pansi, manyowa opyola muyeso, kapena nsomba zochuluka m'malo ochepa. Siyani kudyetsa tsiku limenelo, lowetsani madzi atsopano.

Achule akakhazikika, odya achule nawo amabwera, ndipo izi siziyenera kubisidwa. Nantchengwa adzatera m'mphepete n'kumapalasa matope ndi phazi. Ameneyo ndi mnzanu, chifukwa ndiwo yake yapamtima ndi thesi yemwe uja. Ng'azi ndi katumbu sasankha, amatenga ndi nsomba zomwe, ndipo nsomba yofiira m'madzi oyera imaonekera patali. Njoka nazo zimatsata achule, zina zopanda ululu, zina zaululu. Pa chifukwa chimenechi udzu wosatchetcha uja ukhale mbali ya kutali ndi nyumba, njira yopita kudamu ikhale yolambula, ndipo usiku muziyenda ndi tochi. Pakhomo pamene pali mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda, damu lililonse, ngakhale losaya, likhale ndi mpanda ndi chitseko. Pa ichi palibe kukambirana.

Tsopano ndinene chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, ndipo si achule. Ndi nsomba yofiirayo ikatuluka m'damu.

Dziko lathu linayesapo kale m'bale wake. Carp inabwera kuno mu 1976 kuchokera ku Israel, ndipo alimi a m'chigawo cha kumwera anaikonda chifukwa chokula msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linailetsa, poopa kuti ingalowe m'nyanja ya Malawi n'kusokoneza nsomba zathu. Lamulo la za usodzi limafuna chilolezo munthu asanalowetse nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino. Goldfish ili ndi khalidwe lomwelo la carp: imavundula matope, imazula zomera, imadya mazira a anzake, imapirira madzi ozizira ndi oipa omwe. Ana ake amabadwa otuwa, ndipo ikaswana kutchire mibadwo ingapo kufiira kuja kumatha, moti mbalame siziionanso msanga. Ku Western Australia, mumtsinje wa Vasse, anagwira zina zolemera pafupifupi makilogalamu awiri, zochokera kwa anthu amene anangozitaya atatopa nazo. Zimene thesi wathu anachita ku California, nsomba ya ku China ikhoza kuchita kuno.

Ndipo ku Milonde madzi a damu sakhala m'damu mpaka kalekale. Amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene madzi anasefukira m'boma la Mulanje, kukokolola minda, milatho ndi madamu a nsomba. Madzi a kumwera kwa phiri amatsikira mu Ruo, amene amakathira mu Shire ku Chiromo. Pakati pa ulendowo pali mathithi a Zoa, aatali pafupifupi mamita 60, amene nsomba za kumunsi sizingakwere. Chifukwa cha mathithi amenewa, nsomba za kumtunda kwa Ruo zakhala pazokha kwa nthawi yaitali kwambiri, ndipo gulu lake n'losiyana ndi la m'chigwa cha Shire. Chimene mathithi atchinga zaka zonsezi, ndowa imodzi yokhuthulidwa kumtunda ikhoza kuchilowetsa tsiku limodzi.

Achule a m'phirimo nawo asatengedwe kukaikidwa pakhomo. Kumeneko kuli mitundu yosowa kwambiri padziko lapansi, monga Nothophryne broadleyi wokhala pamiyala yonyowa, ndi Arthroleptis francei wa m'nkhalango za kumtunda kwa Ruo, amene anamutcha dzina la F. H. France, wa za nkhalango amene anafa powoloka mtsinjewo. Wachiwiriyu sadziwa n'komwe damu: amaikira mazira m'masamba onyowa pansi, ndipo mumatuluka tiachule tathunthu popanda kudzera pa mbululu. Kumunsi kuno sangakhale moyo. Kunyamula achule kapena mazira kuchoka dera lina kupita lina kumafalitsanso matenda a pakhungu amene apha achule ambiri m'maiko ena. Oyenera damu lanu ndi amene abwera okha.

Ndikanakhala wolangiza munthu wa ku Milonde amene sanagule nsomba, ndikanamuuza kuti ayambe wafunsa alangizi a za nsomba, kaya ku Chisitu konkuno ku Mulanje kaya ku Domasi ku Zomba, za mbewu ya nsomba zathu zomwe. Makumba sawala ngati goldfish, koma amakhala bwino ndi achule, amadya madeya, ndipo tsiku lina amalowa mumphika. Chilunguni chili ndi kufiira kwake pachifuwa, kungoti chimadya masamba, ndiye kakombo wanu sichingamusiye. Amene ali nazo kale nsomba zofiirazo, damu lake likhale pamalo okwera, kutali ndi khwawa, m'mphepete mwake mutakwezedwa kuti madzi othamanga asalowe, ndipo potayira madzi osefukira pakhale sefa nthawi zonse. Zikaswana n'kuchuluka, apatseko mnzake amene ali ndi damu lotetezeka chimodzimodzi. Akasowa wozilandira, aziphe n'kuzikwirira m'munda, osati kukazikhuthulira mumtsinje.